Ndani angandiwerengere zilembo za pa chithunzi cha ku Japan chomwe bambo anasiya?

NaMbewe wa ku Zomba:

Moni nonse. Ndi koyamba kulemba pano, ndiye mundipirire ndikatalikitsa. Paja safunsa anadya phula.

Bambo anga anatisiya chaka chatha mu June. Anagwira ntchito ya uphunzitsi ku sekondale mpaka kupuma, kenako anabwerera kumudzi ku Ntcheu. Mwezi wathawu ine ndi mlongo wanga tinapita kukalongedza katundu, poti mayi tsopano azikhala ndi ine kuno ku Zomba. Kunsi kwa bedi kunali bokosi lachitsulo lomwe bambo ankasungiramo mapepala ofunika. Titachotsa masatifiketi, makalata a penshoni ndi mabuku awo a nyimbo za kutchalitchi, pansi penipeni tinapeza chithunzi chili mu felemu yakuda, chokulungidwa m'chitenje chakale cha mayi.

Nditangochiona mtima unagunda. Tili ana chinkapachikika pabalaza, pamwamba pa kabati ya mbale, ndipo ife tinkangochitchula kuti "othawa mvula". Anachitsitsa chaka china denga litayamba kudontha mbali imeneyo, ndipo sindinachionenso kufikira tsiku limenelo.

Zomwe ndajambula pa foni ndaziika m'munsimu, koma galasi likunyezimira, ndiye ndifotokozenso ndekha. Ndi pepala, osati nsalu. Ndayeza ndi tepi ya telala: m'litali masentimita 38, m'lifupi 25 kapena kuposerapo pang'ono. Pali njira yokwera chitunda kulowera kumanzere. Amuna awiri anyamula munthu pa machila, machilawo aphimbidwa, ndipo kutsogolo kwawo kuli wina wadzifunditsa mkeka, wawerama, nayenso akukwera. Awiri ena akuthamangira kumunsi: mmodzi wasenza khasu, wavala chipewa chachikulu cha udzu, winayo wabisa mutu mu ambulera yosatambasula bwino. Kuseri kuli madenga a udzu ndi nsungwi zopindika ndi mphepo, zapafupi zakuda, zakutali zotuwa, monga mmene mitengo ya m'phiri kuno imaonekera mvula ikamatsika kulunjika m'tauni. Mvulayo ndi timizere topyapyala topendekeka. Ukayang'anitsitsa umamva ngati madzi akulowa m'khosi mwa malaya.

Zilembo zili malo anayi. Pali mzere wautali wa zilembo zakuda wotsika kumunsi, ndipo pambali pake pali kachidindo kofiira ka zilembo ziwiri. Chachiwiricho chikuoneka ngati windo lokhala ndi timadontho tinayi mkati. Penanso pali zilembo zitatu zokha, zili pazokha. Pa ambulera ija palinso tizilembo ting'onoting'ono, ndikuonapo kamtanda ndi timizere titatu togona. Ndiye kunja kwa chithunzi, m'mphepete mwa pepala, kuli kachidindo kozungulira, kukula kwake ngati njere ya chimanga.

Mayi akuti anawapatsa bambo ndi mnyamata wina wa ku Japan yemwe ankaphunzitsa masamu pasukulu yomwe bambo analipo ine ndisanabadwe. Nyumba zawo zinali zoyandikana. Dzina lake mayi aliiwala. Akungokumbukira kuti ankayenda pa njinga yamoto, ankakonda nkhwani wotendera, ndipo tsiku lochoka analira pamaso pa ana asukulu.

Tsono mlongo wanga akuti tichigulitse. Anamva kuti zithunzi zakale za ku Japan zimagulidwa ndalama zankhaninkhani, ndipo kunena zoona ndalama tikuzifuna, chifukwa chiliza cha bambo sitinamange. Sindikumuona wolakwa. Koma ine sindingalole kuti chinthu chimene bambo anachisunga pamodzi ndi masatifiketi awo chituluke pakhomo tisanadziwe n'komwe zomwe chikunena. Anajambula ndani? Liti? Malowa ndi kuti? Amene amatha Chijapani andithandize.

Mnyamata wa ku Ndirande:

Pepani ndi zovutazo, mayi. Ine ndikuona ngati ndi Hokusai, uja anajambula chifunde chachikulu chofuna kumeza mabwato. Kajambulidwe kake ndi komweko. Pepala limodzi la chifundecho linagulitsidwa ku New York mu 2023 pamtengo wa madola oposa 2.7 miliyoni, ndiye mlongo wanuyo sakulota ayi. Yesani kulozetsa Google Lens pa zilembozo, imamasulira pompo. Komanso kachiteni laminate msanga chisanaonongeke, mvula ili pafupi iyi.

aNgozo a ku Area 25:

Mayi NaMbewe, pepani kwambiri ndi imfa ya bambo. Ndisananene china chilichonse: chonde, chonde, musachite laminate. Pulasitiki ija ikamatirira ndi moto sichokanso, pepala lathera pomwepo. Achimwene a ku Ndirande anena ndi mtima wabwino, koma apa ayi.

Ndinakhala ku Nagoya zaka 5 pamaphunziro ndipo Chijapani ndimawerenga, ngakhale zolemba zakale za burashi zimanditulutsa thukuta. Zanuzi mwamwayi zikuwerengeka. Google Lens ikhoza kukusokonezani chifukwa zilembo zina apa zalembedwa mwachikale, osati momwe ana asukulu a ku Japan amalembera lero.

Tiyambe ndi zilembo zitatu zili pazokhazo. Ndi 廣重画, zimawerengedwa kuti Hiroshige ga, kutanthauza kuti "wajambula ndi Hiroshige". Choncho si Hokusai. Utagawa Hiroshige anabadwa mu 1797 ku Edo, mzinda womwe lero ndi Tokyo, ndipo anamwalira mu 1858, chaka cha mliri wa kolera. Bambo ake anali a gulu lozimitsa moto, ndipo iye analowa m'malo mwawo akadali mwana, asanaisiyire wachibale ntchitoyo n'kulimbikira zojambula. Iye ndi Hokusai anakhala nthawi imodzi mumzinda umodzi, ndiye anthu ambiri amawasokoneza. Koma mukaona mvula, nkhungu kapena chisanu chikuvutitsa anthu wamba pamsewu, kawirikawiri dzanja limakhala la Hiroshige.

Mzere wautali uja muziwerenga kuyambira pamwamba kutsika pansi. Walembedwa 東海道五拾三次之内, Tōkaidō gojūsan tsugi no uchi. Zilembo zitatu zoyambirira ndi "kum'mawa", "nyanja" ndi "msewu". Umenewu ndi Tōkaidō, msewu waukulu womwe unkachokera ku Edo kukafika ku Kyoto motsata gombe, mtunda wa makilomita pafupifupi 500, ulendo wa masabata awiri wapansi. M'njiramo munali malo 53 ogonapo alendo komanso osinthirapo akavalo ndi amtengatenga, ndipo mawu akuti tsugi akunena za malo amenewo. Mzere wonsewo ukuti "mwa malo 53 a pa Tōkaidō". Hiroshige anajambula malo aliwonse chithunzi chake, n'kuwonjezapo mlatho wa Nihonbashi poyambira ndi mzinda wa Kyoto pothera, zonse pamodzi 55. Zinatuluka cha m'ma 1833 ndi 1834 ndipo ndi zomwe zinamutchukitsa.

Zilembo ziwiri zotsatira ndi 庄野, Shōno, malo a nambala 45 kuchokera ku Edo. Lero ndi mbali ya mzinda wa Suzuka m'chigawo cha Mie, kuja kumachitikira mpikisano wa magalimoto a Formula 1. Ndinapitako pa sitima tsiku lina Loweruka, chifukwa cha chithunzi chomwechi. Ndi kamsewu kachete ka nyumba zamatabwa, pamalo achidikha pafupi ndi mtsinje wa Suzuka. Ndinayenda uku ndi uku kufunafuna chitunda chotere, osachipeza. Ine ndimakhulupirira kuti chitundacho anachikweza yekha m'mutu mwake kuti mvula ndi njira zidutsane mopingasa, diso lisapeze popumira.

Kachidindo kofiira kaja ndi 白雨, hakuu. Chilembo choyamba ndi "yoyera", ndipo chomwe mwati ndi windo la timadontho tinayi mwachiona bwino kwambiri, chifukwa chimenecho ndi "mvula". Timadonthoto ndi madontho amvula enieni. Mvula yoyera si mvumbi wa masiku atatu ayi. Ndi ija yobwera modzidzimutsa masana kunja kukuwala, n'kukuvumbwitsa usanafike pakhonde la munthu, kenako n'kukata. Dzina lomwe munkachitchula muli ana silinaphonye patali.

Mwati machila, ndipo palibe mawu ena abwino kuposa amenewo. Iwo amati kago. Kusiyana kwake ndi machila omwe makolo athu ankanyamulira atsamunda n'kwakuti mu kago munthu sagona, amakhala chopinda miyendo pa kampando kolendewera kumtengo.

Pa ambulera ndi pomwe pali nkhani yokoma. Kamtanda mwaonako ndi 10, timizere titatu ndi 3, ndipo pamwamba pa kamtandako pali 5. Zonse pamodzi ndi 五十三次, "malo 53" omwe aja, koma apa 10 walembedwa mwachidule, pomwe mumzere wautali uja walembedwa 拾, mmene amalembera pa zikalata za ndalama kuti wina asasinthe nambala. Mbali ina ya ambulerayo palembedwa 竹のうち, Takenouchi. Ameneyu ndi Takenouchi Magohachi, mwini bizinesi yosindikiza yotchedwa Hoeidō, yemwe anatulutsa zithunzizi. Anatsatsa malonda ake pa ambulera, chimodzimodzi makampani a foni omwe amalemba mayina awo pa maambulera a ogulitsa mayunitsi m'misika mwathumu. Dzinali ndi lofunika chifukwa Hiroshige anabwereza kujambula msewu womwewu kangapo ndi osindikiza ena, ndipo pambuyo pake panali Hiroshige wachiwiri ndi wachitatu omwe ankasainanso dzina lomwelo. Ambulerayi ikutiuza kuti ndi Hiroshige woyamba, gulu la Hoeidō. Mapepala ena omwe anadindidwa mochedwerapo ali ndi ambulera yopanda zilembo.

Kachidindo kozungulira ka m'mphepete ndi 極, kiwame. Boma la nthawi imeneyo linkafuna kuti chithunzi chilichonse chiunikidwe chisanagulitsidwe, ndipo chidindochi chinkasonyeza kuti chavomerezedwa. Chinagwira ntchito kuyambira cha m'ma 1790 mpaka 1842, kenako anasintha kachitidwe.

Koma mayi, apa ndisakunamizeni. Zonse ndawerengazi zikutiuza kuti chithunzichi ndi chiti. Sizikutiuza kuti pepala lomwe muli nalo m'manjalo linadindidwa liti. Wosema thabwa latsopano amasema zonse, dzina la Hiroshige, ambulera, ndi chidindo cha boma chomwe. Zimenezo ndisiyire odziwa mapepala.

NaJere wa ku Leeds:

Achemwali, pepani ndi maliro. A Ngozo agwira ntchito yaikulu, ine ndingopitiriza pomwe asiyirapo. Ndakhala zaka 11 pashopu yoika zithunzi m'mafelemu kuno ku Leeds, ndipo zithunzi za ku Japan zimabwera pafupipafupi, anthu akazipeza m'nyumba za makolo awo monga mwachitira inumu.

Choyamba mumvetse kuti chithunzi chotere sichikhala chimodzi. Hiroshige sanagwirepo pepala lililonse mwa omwe alipo lerowa ndi burashi yake. Iye ankajambula ndi inki papepala lopyapyala, wosema n'kulimata chafufumimba pa thabwa la mtengo wa cherry, n'kusema motsata mizereyo. Chojambula chenichenicho chinkathera pa thabwapo. Mtundu uliwonse unkafuna thabwa lakelake. Wodinda ankapaka utoto pa thabwa, kuyalapo pepala lonyowetsa pang'ono, n'kupekesa kumsana kwake ndi kachipangizo kozungulira kokutidwa ndi khungu la nsungwi, kotchedwa baren. Kutuwa kwa nsungwi zanu zija, kuchoka pakuda kukafika potuwa, ndi luso la wodindayo. Ankadinda mazanamazana, ndipo chithunzi chikakondedwa ankabwerezabwereza mpaka matabwa kutha mano. Sizinali za anthu olemera. Mtengo wake sunkasiyana kwenikweni ndi wa mbale ya chakudya pamsika.

Ndiye pepala lanulo likhoza kukhala limodzi mwa mitundu itatu. Pali odindidwa nthawi ya Hiroshige yomweyo. Pali omwe amisiri a zaka za m'ma 1900 anasema matabwa atsopano n'kudinda pamanja mwanjira yakale yomweyo, monga amachitira osindikiza a Adachi ku Tokyo kuyambira 1928 mpaka lero. Ndiye pali a makina, ngati a pa kalendala.

Kuti mudziwe, chichoke mu felemu. Sankhani tsiku louma, sambani m'manja n'kupukuta bwino, yalani thaulo loyera patebulo, felemu igone chafufumimba. Zulani timisomali ndi pulayala pang'onopang'ono. Mukaona kuti pepala lamatirira ku galasi, lekani pomwepo, musakoke. Likatuluka bwino, yang'anani malo otuwa aja ndi kamera ya foni mutaikuza mpaka pamapeto. Mukaona timadontho tofoleredwa mwadongosolo ngati sefa, ndi la makina, nkhani yatha. Mukapanda kutiona, tembenuzani. La pamanja utoto umalowerera mpaka kuonekera kumsana, ndipo mumaona zipsera zozungulirazungulira za baren ija. Pepala lake limapangidwa ndi makungwa a kōzo, mtengo wa mtundu wa mabulosi, ndiye mukaliloza kuwala muona timaulusi mkati.

Kenako yang'anani m'mphepete monse momwe felemu inabisa. Osindikiza a masiku ano ambiri sabisa, amaikapo dzina lawo kapena la wosema ndi wodinda. Mutha kufananizanso ndi mapepala akale omwe British Museum ndi Metropolitan Museum ya ku New York anaika pa intaneti, kapena kuika chithunzi chanu pa ukiyo-e.org, pomwe amakusonyezani ofanana nacho ochokera m'malo ambiri. Muziyang'ana tinthu ting'onoting'ono, monga zala za onyamula machila ndi pomwe mzere wozungulira chithunzi waduka. Wosema wachiwiri, ngakhale akhale katswiri chotani, dzanja lake limasiyana penapake.

Ndinene mosapsatira mawu kuti mlongo wanu asayembekezere zambiri. Mwa onse omwe afika pashopu pathu, akale enieni ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Ndiponso mnyamata wodzipereka yemwe ankalandira kangachepe sakanapereka pepala la 1833 ngati mphatso yotsanzikira. Shōno wakale wosungidwa bwino amapita pa mapaundi zikwizikwi. Wosemedwanso, ngakhale ali wa pamanja ndi wokongola, pashopu pathu ndimaona akupita pa mapaundi makumi angapo, zikakoma zana.

Kaya ndi wa mtundu uti, Zomba ndi wachinyezi. Musapachike pakhoma lakunja lomwe limanyowa, kapena pomwe dzuwa limaomba. Selotepi ndi guluu zisayandikire. Katoni wamba amatentha pepala pang'onopang'ono mpaka kufiira, ndiye kumsana kukhale pepala lopanda asidi. Muzichitsitsa kamodzi pachaka kuona ngati njenjete, chiswe kapena chuku zalowa.

NaMbewe wa ku Zomba:

A Ngozo, achemwali a ku Leeds, ndilibe mawu. Ndawerenga kawiri, kenako ndawawerengera mayi mokweza. Atamva za mvula yoyera anangoti "eya", n'kukhala chete nthawi yaitali. Inunso achimwene a ku Ndirande zikomo, munali oyamba kundiyankha usiku uja.

Lero Loweruka kunacha bwino, ndiye ndatsegula. Misomali inali isanu ndi itatu, yadzimbiri, iwiri yathyokera momwemo. Mwamwayi pepala silinamatirire ku galasi. Ngodya imodzi yakumunsi ili ndi banga lofiirira ngati la tiyi, ndikhulupirira ndi la denga lija. Timadontho ta sefa palibe. Kumsana utoto ukuonekeradi, makamaka wa nsungwi, ndipo zipsera zozungulira ndaziona ndi maso anga, ngati mmene nkhokwe imaonekera ukaizira ndi chikhatho. Ndinaika chala changa pafupi, osakhudza, ndikuganiza za munthu amene anapekesa pamenepo. Pepalalo ndi lochindikala, loyera ndithu, lopanda ndi kabowo komwe.

M'mphepete mwakumunsi, momwe thabwa la felemu linaphimba, muli timizere tiwiri ta zilembo zina. Ndajambula.

Koma chomwe chandigwetsa pansi ndi ichi. Kumsana kwa chithunzi sikunali katoni monga ndinkaganizira. Chinali chikuto cha pepala lolimba chopindidwa pawiri, chooneka kuti chithunzicho chinabweramo. Kunja kwake kuli zilembo zodinda. Mkati mwake muli zolemba pamanja, za bolopeni ya buluu, mizere inayi yotsika. Sindingawerenge, koma popeza a Ngozo mwanditsegula maso, ndikuonapo 5 uja, kamtanda kaja, ndi timizere titatu tija. Ndipo mumzere wachitatu muli windo la timadontho tinayi. Ndi mvula eti? Manja akunjenjemera. Chonde ndiwerengereni.

aNgozo a ku Area 25:

Mayi, ndi mvula, simunalakwitse.

Ndiyambe ndi zophweka. Timizere tiwiri ta m'mphepete tikuyamba ndi 彫, hori, "wosema", ndi 摺, suri, "wodinda", ndipo pambuyo pa chilichonse pali dzina la mmisiri. Pachikuto padindidwa 復刻, fukkoku, kutanthauza kuti matabwa anasemedwanso. Adilesi ya wosindikiza ikuyamba ndi 東京都, Tōkyō-to. Muona kuti chilembo choyamba ndi "kum'mawa" kuja kwa mumzere wautali. Hiroshige anamwalira mzindawu ukutchedwabe Edo. Dzina lakuti Tokyo linabwera mu 1868, ndipo kalembedwe ka Tōkyō-to kanayamba mu 1943. A NaJere analondola: ndi la pamanja, la amisiri enieni, koma la zaka za m'ma 1900.

Tsono za bolopenizo, kuyambira mzere wakumanja. Woyamba ndi dzina la bambo anu, lolembedwa m'zilembo za katakana zomwe amalembera mayina achilendo, ndipo pambuyo pake pali 先生, sensei, "aphunzitsi". Dzinalo sindilitchula pagulu pano. Wachiwiri ndi お世話になりました, osewa ni narimashita. Awa ndi mawu omwe munthu wa ku Japan amanena potsanzika kwa amene anamusamala. M'Chichewa tingati "munandisunga". Amanenedwa kwa munthu amene wakudyetsa, wakulondolera njira, wakupirira pomwe sunkadziwa kanthu.

Wachitatu ndi マラウイの雨を忘れません. Zilembo zinayi zoyambirira ndi Ma-ra-u-i, Malawi mmene iwo amatchulira. Chiganizo chonse chikuti: "Mvula ya ku Malawi sindidzaiwala."

Wachinayi ndi deti ndi dzina lake. Deti ndi 昭和五十四年三月. Ku Japan amawerenganso zaka potsata ufumu wa mfumu yawo. Shōwa ndi nthawi ya Hirohito, yomwe inayamba mu 1926, ndiye pa nambala ya Shōwa mumangowonjezera 1925. Apa palembedwa chaka cha 54, mwezi wa 3, kutanthauza March 1979. Zikugwirizana ndi zomwe mayi anu akukumbukira, chifukwa achinyamata odzipereka a ku Japan anayamba kubwera ku Malawi mu 1971, ambiri kwa zaka ziwiri, ndipo ena mwa iwo ankaphunzitsa masamu ndi sayansi m'masekondale. Dzina lake ndakutumizirani kumbali, pamodzi ndi katchulidwe kake. Mayina a Chijapani nthawi zina amawerengedwa pawiri, ndiye ndalemba njira zonse ziwiri. Mukawatchulire mayi, khutu lawo lisankha.

NaMbewe wa ku Zomba:

Ndawatchulira njira yoyamba, anapukusa mutu. Nditatchula yachiwiri anaomba m'manja n'kulibwereza katatu, ndi kamvekedwe kena komwe ine sindikanatha, momwe ankamuitanira kudzadya.

Kenako ndinawawerengera mzere wachitatu uja, ndipo anandiuza nkhani yomwe sindinaimvepo chibadwire. Akuti chaka chimenecho mkulu wanga, mwana wawo woyamba, anadwala malungo usiku ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Galimoto panalibe. Mnyamatayo anatulutsa njinga yake yamoto, bambo anakwera kumbuyo atabereka mwana m'chitenje kutsogolo, mkati mwa jasi. Ali m'njira mvula inatsika. Pachitunda china njinga inakana, matope okhaokha, ndiye bambo anatsika n'kumakwera wapansi ndi mwana, iye akukankha njinga pambali pawo kuti nyale iwaunikire njira. Anafika kuchipatala kukucha, onse awiri opanda nsapato. Mkulu wangayo ali moyo, ali ndi zidzukulu ku Kasungu. Mayi akuti bambo atalandira chithunzichi analoza onyamula machila aja n'kunena kuti "ife awa", ndipo anapita nacho okha kwa kalipentala.

Ndamuimbira mlongo wanga. Ndinayamba ndi za mtengo, monga a NaJere ananenera, kenako ndinamuwerengera mizere inayi ija. Anakhala chete mpaka ndinayesa kuti netiweki yaduka. Pomwe analankhula anangofunsa kuti felemu yatsopano ingakwane zingati, ndipo wati atumiza theka mwezi ukatha. Za chiliza tagwirizana kuti tisonkha tonse anayi tikakolola.

Chithunzi chikhala kuchipinda kwa mayi, pakhoma la mkati, kutali ndi windo. Pakali pano ndachigoneka pakati pa mapepala oyera mu diloo. A NaJere, pepala lopanda asidilo limadziwika bwanji pogula, ndipo chikuto cholembedwacho ndichibwezere kumsana kapena ndichisunge pachokha? A Ngozo, ngati anali ndi zaka za m'ma 25 mu 1979, ndiye kuti pano wadutsa 70, akhoza kukhala ali moyo. Lolemba ndikufuna kulembera ofesi ya ku Lilongwe ya JICA, bungwe la ku Japan lomwe limatumiza achinyamata odzipereka aja, kufunsa ngati angandifikitsire kalata kwa iye. Ya Chingerezi ndilemba ndekha, koma mayi akuti pansi pake pakhale mzere umodzi wa m'chinenero chake, wonena kuti mwana uja anachira. Mungandilembere?